Squalane, Vaseline, gilisalini kapena mpendadzuwa: khungu la ku Kasungu likufuna chiti?

Pakati pathu pafika mafuta atsopano otchedwa squalane. Akubwera m'timabotolo ta 30ml tokhala ndi kodonthezera pachivindikiro, ena kudzera mwa amayi a geni ya ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam, ena kudzera mwa achibale a ku Lilongwe, ndipo ogulitsa pa WhatsApp akuwatamanda ngati kuti Vaseline ndi gilisalini zomwe takula nazo zatha ntchito. Funso lomwe ambiri akufunsa kuno ku Kasungu ndi lomveka: kabotolo kochepa chonchi, mtengo wake woboola m'thumba chonchi, kali ndi chiyani chomwe chigubu cha Blue Seal chilibe? Kali nacho ndithu. Koma ndi chinthu chimodzi chokha, ndipo si aliyense amene akuchifuna.

Tisanayerekeze, tigwirizane kaye za chomwe chimatuwitsa munthu. Khungu limatuwa madzi akathawa pachikopa chake chapamwamba. Alimi a fodya nkhaniyi amaidziwa bwino. Tsamba la bale likauma gwa, ukaligwira masana limathetheka, koma m'mamawa likayamwa chinyezi limafewa, umalisankha n'kulimanga osasweka. Chikopa chapamwamba chilinso chomwecho: chikakhala ndi madzi chimapindika, chikauma timamba take timatukuka m'mbali, ndipo pakhungu lakuda timaoneka mbuu. Ndiye chodzola chilichonse chimagwira imodzi kapena ziwiri mwa ntchito zitatu. Pali kukokera madzi pakhungu, imeneyo ndi ntchito ya gilisalini. Pali kutsekera madziwo kuti asathawe, apa mfumu ndi Vaseline. Pali kulowa m'mipata ya pakati pa timamba tija n'kutigoneka pansi kuti khungu lisalale, apa ndi pomwe pali squalane ndi mafuta a mbewu. Mkangano wambiri wa "awa ndi abwino kuposa awo" umabwera chifukwa chopikisanitsa zinthu zomwe ntchito zake ndi zosiyana.

Nyengo yathunso imasintha yankho. Mu Juni ndi Julayi kumazizira ndipo mpweya umauma, milomo imasweka, ana amapita kusukulu miyendo ili mbuu. Ogasiti ndi Seputembala ndi mphepo, akamvulumvulu ndi fumbi, moti wokwera kabaza kuchokera pa boma kupita kumidzi amafika nsidze zitafiira. Okutobala ndi Novembala ndi thukuta lokhalokha. Onjezanipo madzi a pamjigo omwe m'madera ena amakana kuchita thovu, ndi chizolowezi chosambira sopo wochapira zovala yemwe amakokolola mafuta onse a pakhungu. Chodzola chomwe chakuyanjani mu Julayi chikhoza kukuzunzani mu Okutobala.

Squalane: kumene akuchokera

Khungu lathu limadzipangira lokha mafuta, aja amawalitsa mphuno ndi chipumi dzuwa likafika paliwombo. Pafupifupi 12 peresenti ya mafutawo ndi chinthu chotchedwa squalene. Amene anachitcha dzinali ndi katswiri wa ku Japan, Mitsumaru Tsujimoto, mu 1916, ndipo iye anachipeza m'chiwindi cha shaki. Mashaki okhala pansi penipeni pa nyanja zamchere alibe kathumba kampweya kamene chambo chathu chili nako. Chimene chimawathandiza kuyandama ndi chiwindi chachikulu chodzaza mafuta opepukawa.

Vuto la squalene ndi loti sachedwa kuwonongeka. Akakumana ndi mpweya ndi dzuwa amasintha, ndipo akasinthira pakhungu amathandizira kutseka timabowo ta pakhungu n'kuyambitsa ziphuphu. Opanga zodzola anapeza njira yomuwonjezera hayidrojeni kuti malo onse 6 omwe okosijeni amalowerapo atsekeke. Chotulukapo ndicho squalane: mafuta oyera ngati madzi, opanda fungo, osasasa ngakhale akhale mwezi wonse m'chikwama chotentha, osaundana ngakhale kuzizire motani (amaundana pokhapokha kuzizira kukafika cha pa madigiri 38 kunsi kwa ziro, zomwe sizidzachitika pa Mtunthama). Pabotolo muziyang'anitsitsa chilembo chimodzi chosiyanitsa squalene ndi squalane, chifukwa wodzolayo ndi wa "a".

Masiku ano squalane amachokera kutatu. Wina akuchokerabe ku mashaki, ndipo amenewa ndi mashaki ochedwa kukula ndi kuswana, moti kuwapha chifukwa cha chiwindi kwachepetsa kwambiri mitundu ina. Wina amachokera ku zotsalira poyenga mafuta a azitona. Wachitatu ndi amene nkhani yake imandisangalatsa, chifukwa ikukhudzana ndi malungo. Kampani ya ku California yotchedwa Amyris, yomwe inayamba mu 2003, inayambira pa ntchito yosintha yisiti kuti azipanga chopangira artemisinin, mankhwala omwe ali tsinde la gulu la LA amene dziko lathu linayamba kupereka m'zipatala mu 2007 m'malo mwa SP. Luso lomwelo analitembenuza: yisiti adye shuga wa nzimbe za ku Brazil, atulutse mafuta otchedwa farnesene, amenewo n'kuwasandutsa squalane. Kampaniyo inagwa m'ngongole mu 2023, koma squalane wa nzimbe akupangidwabe. Nthawi zina ndikaona mathirakitala a nzimbe ku Dwangwa ndimaganiza kuti chipangizo chake tili nacho pafupi pomwepa, chomwe tilibe ndi fakitale. Pakhungu, atatu onsewa amagwira ntchito mofanana. Kusiyana kwake kuli pa chikumbumtima cha wogula ndi pa mtengo.

Tsono chinthu chimodzi chomwe ndinanena chija ndi ichi: kupepuka. Madontho awiri kapena atatu amakwanira nkhope yonse, ndipo pakangopita mphindi zochepa umagwira tsaya osamva noninoni. Fumbi silimata. Paudala imakhala bwino pamwamba pake. Kwa munthu wa nkhope ya mafuta, amene chilichonse akadzola ziphuphu zimabuka, uwu ndi mpumulo waukulu, chifukwa squalane kawirikawiri satseka timabowo. Palinso phindu lina lobisika. Pakhungu pathu pamakhala kabowa kakang'ono kotchedwa Malassezia, komwe kamayambitsa mfundu, zikanga, ndi tiziphuphu toyabwa tofanana msinkhu pachipumi ndi pachifuwa. Kameneka kamadya mafuta a mbewu ambiri, koma squalane sikamutha. Amene amati akadzola mafuta a kokonati kapena a azitona kumutu mfundu imachita kuwirikiza, chifukwa chake chingakhale chimenechi.

Pomwe squalane amathera mphamvu ndi pa khungu louma kwenikweni. Satsekera madzi mokwanira. Dzolani pazidendene zong'aluka mu Julayi, pofika m'mawa ming'alu ili pomwepo, ndalama yalowa m'madzi. Komanso tinene poyera, popeza funso loyamba kwa wogulitsa limakhala loti "Asisi, amenewa amayeretsa?": squalane sayeretsa khungu, sachotsa zipsera zakuda, ndipo satchinga dzuwa ngakhale pang'ono. Abale athu achialubino asanamizidwe kuti angalowe m'malo mwa mafuta oteteza kudzuwa omwe amalandira kuchipatala. Ndipo ngati kabotolo kolembedwa squalane kakuyeretsa munthu m'masabata awiri, mwalowa zina, mwina hydroquinone kapena mankhwala a steroid, zomwe zimapyapyalitsa khungu.

Vaseline

Uyu ndi wakale, ndipo anthu a zodzola zodula amakonda kumunyoza kuti ndi "zotsalira za petulo". Chiyambi chake n'chomwecho ndithu. Robert Chesebrough anapita ku zitsime za mafuta ku Titusville, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, mu 1859, n'kupeza ogwira ntchito akupaka pazilonda phula lomwe linkamata pa mipope. Anatha zaka akuliyenga, ndipo mu 1872 analembetsa njira yakeyo kuboma. Wosayengedwa bwino akhoza kukhala ndi zoipa, koma woyengedwa mpaka kuyera, wolembedwa BP kapena USP pachigubu (zilembo zosonyeza kuti wafika pa muyezo wa mankhwala), ndi chimodzi mwa zinthu zosachititsa ziwengo kwambiri zomwe munthu angadzole. N'chifukwa chake madokotala a khungu amamukhulupirira pa ana a eczema, matenda oumitsa ndi kuyabwitsa khungu. Amene ndimakayikira ine ndi uja wopimidwa ndi supuni pamsika, wachikasu kwambiri, wonunkha parafini, wopanda dzina la wopanga.

Pa ntchito yotsekera madzi palibe womuyandikira. Akatswiri a khungu amati amachepetsa madzi othawa ndi pafupifupi 98 peresenti, pomwe lanolin (mafuta a mu ubweya wa nkhosa) ndi mineral oil (aja ali mu baby oil) zimachepetsa ndi 20 mpaka 30 peresenti. Pa ming'alu ya kuzidendene, milomo yosweka, zigongono, mawondo, manja a mayi amene wachapa tsiku lonse kapena a bambo amene wakhala akusoka fodya, Vaseline amapambana squalane kutalitali, pamtengo wochepa kwambiri. Njira yake ndi kuviika mapazi m'madzi ofunda madzulo, kukwecha pang'ono pamwala, kupukuta mosauma kwenikweni, kupaka wambiri, n'kuvala sokosi pogona. Chachikulu ndi chinyezi chija. Vaseline alibe madzi mkati mwake, ndiye mukamupaka pakhungu louma kale mwangotseka nkhokwe yopanda kanthu. Munthu amawala phuliphuli koma khungu likukokabe.

Zovuta zake tonse timazidziwa. Amalemera. Mu Ogasiti amaitana fumbi lonse la mumsewu kuti likhale pamiyendo. Mu Okutobala amatsekereza thukuta, ndipo ana amatuluka nsungu m'khosi ndi kumsana. Pankhope ya wachinyamata wa ziphuphu sindingamulimbikitse masana, ndipo aja amapaka mafuta olemera a tsitsi mpaka kutsikira pachipumi amadzaona tiziphuphu tandanda m'mphepete mwa tsitsi. Apa ndi pomwe squalane amamugonjetsa, pankhope ndi pakhosi nyengo yotentha, basi.

Gilisalini

Ameneyu si mafuta ayi, ngakhale timamuika m'gulu lomwelo. Amasungunuka m'madzi, amatsekemera ukalawa, ndipo amatuluka popanga sopo. Anamutulukira ndi Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden mu 1779. Opanga ndudu amamuthira mu fodya kuti asaume, ndiye fodya wathu wa pa Chinkhoma akawoloka nyanja amakakumana naye. Ntchito yake pakhungu ndi yomweyo, kugwira madzi.

Chizolowezi chathu chothira gilisalini m'botolo la loshoni n'chanzeru, bola muyezo. Pang'ono amachititsa loshoni wotchipa kugwira ntchito ngati wodula. Mukachulutsa, khungu limamata, nsalu imakakamira, fumbi ndiye limachita kusangalala. Kudzola gilisalini yekhayekha wosasungunula mu Julayi ndiko kulakwitsa kwenikweni: mpweya ukakhala wouma, madzi oti akoke amawapeza mkati mwa khungu lanu lomwelo, ndipo popanda chotsekera pamwamba madziwo amathawa. Ena amamvanso kuwotcha akapaka wosasungunula pamilomo yosweka. Choncho gilisalini sapikisana ndi squalane kapena Vaseline. Amafuna mnzake pamwamba. Ndipo kunena zoona, squalane nayenso amamufuna gilisalini, chifukwa payekha sabweretsa madzi. Amene wagula kabotolo kodula kaja n'kusiya loshoni wake wa gilisalini, wabwerera m'mbuyo.

Mpendadzuwa, amene timangomuona ngati wokazingira

Wopikisana weniweni ndi squalane, pa kupepuka ndi kufewetsa, ali m'minda yathu momwemu kuyambira ku Santhe mpaka ku Mchinji. Mafuta a mpendadzuwa wamba ali ndi linoleic acid woposa theka, ndipo chimenechi ndi chipangizo chomwe khungu limagwiritsa ntchito pomanga chotchinga chake. Squalane amangogoneka timamba tija. Mpendadzuwa amapatsanso khungu chomangira.

Izi zinayesedwa. Mu 2013 akatswiri a ku yunivesite ya Sheffield ku England anafalitsa zomwe anapeza atapaka anthu akuluakulu madontho a mafuta a azitona ndi a mpendadzuwa pamikono kawiri patsiku kwa masabata angapo. Azitona, omwe ambiri timawalemekeza chifukwa ndi odula komanso timawamva m'Baibulo, anafooketsa chotchinga cha khungu ndi kufiiritsa ena. Mpendadzuwa sanawononge, ndipo khungu linasunga madzi bwino. Chifukwa chake ndi oleic acid, yemwe ndi wochuluka mu azitona ndipo amamasula mgwirizano wa mafuta a pachikopa. Izi zisanachitike, mu 2005, magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, pa makanda obadwa masiku asanakwane: opakidwa mafuta a mpendadzuwa anatenga matenda a m'chipatala mochepa ndi 41 peresenti poyerekeza ndi osapakidwa. Sindikunena kuti mayi atenge botolo la kukhitchini kukapaka khanda la pa kangaroo osafunsa anamwino. Ndikungosonyeza kuti mafuta omwe timawapeputsawa ali ndi umboni wachipatala womwe zodzola zambiri zodula zilibe.

Nanga bwanji tonse sitikudzola mpendadzuwa? Zifukwa zilipo, ndipo ndi zenizeni. Linoleic acid yemweyo ndi amene amachititsa mafutawa kusasa msanga. Botolo loonekera mkati lomwe lakhala padzuwa pa benchi ya pamsika kwa masabata lasintha kale, ndipo mafuta osasa amayabwitsa khungu. Chachiwiri, fungo: oyengedwa pachigayo chaching'ono amanunkha mbewu, ndipo palibe amene amafuna kulowa mu minibasi akununkha chiwaya. Chachitatu, zambiri zomwe timagula ngati mafuta ophikira ndi soya kapena kanjedza, kapena zosakaniza, ndiye muwerenge chomwe chalembedwa. Chachinayi ndi kabowa kaja. Wa mfundu ndi zikanga asapake mpendadzuwa kumutu kapena pachifuwa. Pankhope amachedwa kulowa poyerekeza ndi squalane, amasiya kuwala pang'ono, ndiponso amadetsa pilo.

Koma pa thupi lonse, mikono, miyendo, msana, kumene kabotolo ka 30ml sikangakwane ngakhale sabata, mpendadzuwa watsopano wosungidwa m'kabotolo kakuda m'kabati ndi amene ndingasankhe. Mugule wochepa, muthire supuni yaing'ono m'manja mukangotuluka kubafa thupi likadali lonyowa, muzinunkhiza botolo sabata iliyonse. Fungo likasintha, atsale owotchera nyale.

Malambe, nsatsi ndi ena

Mafuta a njere za malambe ndi amene tingati squalane wa kwathu kuno, m'lingaliro loti ndi odula, amabwera m'timabotolo, ndipo akunja amawafuna. Milambe yambiri ili kunyanja ndi kuchigwa, ku Salima, Mangochi, Neno ndi kumunsi kwa Shire, osati kumtunda kuno, ndiye nafenso timachita kuitanitsa. Ali ndi oleic, linoleic ndi palmitic acid mosasiyana kwambiri, choncho amalemererako kuposa squalane koma sasasa msanga ngati mpendadzuwa. Kwa khungu louma la munthu wamkulu, makamaka amayi opitirira zaka 40 omwe mafuta achilengedwe ayamba kuchepa, ine ndimaona kuti malambe amakhutitsa khungu kuposa squalane. Kwa wa ziphuphu ndi mwayi, ena amawayanja ena ayi. Chenjezo limodzi: ndi odzola, osati okazingira kapena kumwa, chifukwa muli mafuta ena a mtundu wa cyclopropenoid omwe si abwino m'thupi.

Nsatsi ndi mafuta a agogo athu, ndipo ndimadandaula kuti ana a masiku ano mtengo wake amangouona ngati tchire la kudzala. Ankakazinga njere, kusinja, kuwiritsa, n'kuyengula mafuta oyandama pamwamba. Pafupifupi 90 peresenti yake ndi ricinoleic acid, chinthu chomwe chimawachititsa kukhala olimba ndi onanda kuposa mafuta ena onse a mbewu. Pa kupepuka ndiye ali kumapeto kwenikweni. Malo ake ndi m'mphepete mwa tsitsi lothothoka ndi mameshi, pazidendene, pazikhadabo, kapena madontho ochepa osakaniza ndi mpendadzuwa. Sameretsa tsitsi pomwe mizu inafa, ngakhale ogulitsa alumbire. Amangoteteza lomwe lilipo kuti lisaduke. Oyenga okha asamale ndi njere ndi nsenga zake: muli poizoni wotchedwa ricin, yemwe salowa m'mafuta koma amatsalira m'zotsalirazo, ndipo mwana kapena mbuzi ikadya ndi ngozi.

Kokonati sindikhalitsapo. Amaundana kutentha kukatsika pansi pa madigiri 24, ndiye m'mawa wa Juni kuno mumapeza botolo lili gwa. Pafupifupi theka lake ndi lauric acid. Pamiyendo ndi kutsitsi ndi wabwino, pankhope ambiri amawatulutsa ziphuphu. Mafuta a mtedza, ngakhale mtedzawo tili nawo wosefukira kuno ndi ku Mchinji, ali ndi oleic acid wochuluka, ndipo kafukufuku wa ku Britain wa mu 2003 anapeza kuti ana omwe ankapakidwa zodzola za mafuta a mtedza pakhungu lotupa ankapezeka kwambiri ndi ziwengo za mtedza. Pakhanda la zidzolo, ayi.

Ndani atenge chiti

Mtsikana wa ku sekondale kapena mnyamata wa nkhope ya noninoni ndi ziphuphu, amene akufuna chodzola choti asatuwe koma chisamuwonjezere mavuto: apa squalane ndalama yake imaoneka. Madontho awiri pankhope yonyowa, ndipo kabotolo kamodzi kamatha miyezi. Chimodzimodzi wa mfundu ndi tiziphuphu toyabwa ta pachipumi, komanso amene akumwa kapena kupaka mankhwala a ziphuphu ochokera kuchipatala omwe amasuwitsa khungu. Amene wasiya mafuta oyeretsa ndipo nkhope ikuwotcha ndi chilichonse, squalane wopanda perefyumu ndi chimodzi mwa zochepa zomwe khungu loterolo limalola, ngakhale chofunika choyamba ndi kukaonana ndi adokotala, chifukwa kusiya steroid mwadzidzidzi kuli ndi zovuta zake.

Ena tonse, amene vuto lathu ndi kutuwa kwa mwezi wa Julayi, tikhoza kukhala moyo wonse osagula squalane ndipo khungu osadandaula. Loshoni wokhala ndi gilisalini thupi likadali lonyowa, mpendadzuwa kapena malambe pamwamba pake m'miyezi yozizira, Vaseline kumapazi, m'zigongono ndi pamilomo usiku. Kukatentha, chotsani Vaseline pathupi masana, mutsale ndi loshoni yekha. Ndipo ngati pali ndalama yoti musinthe chinthu chimodzi, yambani ndi sopo. Kusiya kusambira sopo wochapira kumasintha khungu kuposa kabotolo kalikonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu akukokolola mafuta ake aulere m'mawa uliwonse kenako n'kukagula ena a madola. Ndikuti a madola chifukwa squalane yense amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zotere ndi zomwe zinayamba kuthawa mtengo, pomwe mpendadzuwa umatsata mtengo wa pamunda.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimakhudza mafuta onsewa mofanana, ndipo ogulitsa satiuza. Choyamba ndi moto. Mafuta odzola akalowerera m'nsalu, kaya chitenje, sokosi kapena bulangete, n'kuumiramo, nsaluyo imayaka msanga ndiponso mwamphamvu. Bungwe loona za mankhwala ku Britain linachenjeza za izi, ndipo mu 2018 linanena kuti chenjezolo likukhudza zodzola zonse zofewetsa khungu, zokhala ndi Vaseline kapena mineral oil ndi zopanda zimenezi zomwe. Ife amene timapaka ana Vaseline wambiri mu Juni kenako n'kuwakhazika pafupi ndi mbaula kuti awothe, kapena amene amagona pa balani ya fodya wa flue akusonkhezera moto usiku, nkhaniyi ndi yathu. Kuchapa kumachepetsa mafutawo koma sikuwachotsa onse. Chachiwiri ndi cha akuluakulu: mafuta aliwonse, Vaseline, squalane, mpendadzuwa, kokonati, amafooketsa mphira wa kondomu m'kanthawi kochepa. Asayandikirane.

Mukaganiza zogula squalane

Vuto lalikulu ndi loti maso sangasiyanitse squalane ndi mineral oil, uja ali mu mafuta a ana otchedwa baby oil. Onse ndi oyera, onse alibe fungo. Wachinyengo akhoza kuthira wotchipayo m'kabotolo kokongola, inu osadziwa. Chomwe mungachite ndi kugula wosatsegulidwa, wokhala ndi dzina la wopanga, nambala ya batchi ndi tsiku lothera ntchito, ndi kukana aliyense wopimidwa kuchokera m'chigubu chachikulu. Donthezani kuseri kwa dzanja: squalane amayenderera ngati madzi olemererako ndipo amalowa osasiya kunanda, pomwe mineral oil amakhalitsa pamwamba akuwala. Ngati akununkhira maluwa, muli perefyumu, ndiye phindu lake kwa wa khungu lovuta lachepa. Musanadzole nkhope yonse, yesani kaye kuseri kwa khutu kapena mkati mwa mkono kwa masiku awiri kapena atatu.

Kenako tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Zopangira zimalembedwa motsatira kuchuluka kwake, chochuluka poyamba, mpaka kufika pa zomwe sizikwana 1 peresenti, zomwe wopanga amaziika mmene wafunira. Wa squalane weniweni pamalembedwa liwu limodzi lokha. Loshoni yemwe kutsogolo kwake kwalembedwa SQUALANE m'zilembo zikuluzikulu, koma kumbuyo akuyamba ndi aqua, paraffinum liquidum, glycerin, ndipo squalane akubwera kumapeto pafupi ndi parfum, ndi loshoni wa mineral oil ndi gilisalini wothiridwa kadontho. Akhoza kukhala loshoni wabwino ndithu, koma mumulipire mtengo wa loshoni wamba. Mukaona caprylic/capric triglyceride pafupi ndi pamwamba, amenewo ndi mafuta ena opepuka oyengedwa kuchokera ku kokonati kapena njere za kanjedza, osasasa msanga, ndipo pankhope amamveka pafupifupi ngati squalane pamtengo wotsikirapo. Isopropyl myristate nayenso ndi wopepuka, koma wa ziphuphu amupewe.